Msonkho Unatsika, Sitima N'kuima

A Vern Sandvik anatsegula kalata ya msonkho wa galimoto m'bandakucha, khofi ali m'manja. Atangoona nambala yolembedwa pansi pake anatukwana mawu osayenera kulembedwa, n'kuiponya kalatayo pafupi ndi mbale ya mazira.

"Kuba kwa masanasana kumeneku," anatero. "Kapikiapu kangaka, kothothoka utoto, matayala ali mbee, akuti ndikalipirire madola zana ndi makumi awiri. Awerengera chiyani pamenepa, dzimbiri?"

Akazi awo, a Marlys, ankamanga zingwe za nsapato zoyera za kuntchito, diso lili pa wotchi. Pachilumba cha Maddock munthu wogwira ntchito tsidya lija sakangana ndi mwamuna wake m'mawa, chifukwa sitima yoyamba ya pamadzi siidikira munthu. A Marlys ankagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba ku Port Ellery, kusambitsa ndi kudyetsa nkhalamba, ndipo shifiti yawo inkayamba dzuwa lisanatuluke. Ntchito imeneyi ndi yomwe inali ndi inshuwalansi ya chipatala ya onse awiri. A Vern anali odzilemba okha ntchito, okhoma mipanda, okonza madenga ndi kudula nkhuni, ndipo munthu wotero alibe bwana womulipirira chipatala. Anali ndi matenda a shuga obaya jakisoni tsiku ndi tsiku, jakisoni woti ukamugula wekha popanda inshuwalansi umagulitsa nyumba. Kunena mosapsatira, moyo wa a Vern unkakwera sitima yoyamba m'mawa uliwonse, ngakhale kuti eni akewo sankakonda kuziganizira choncho.

"Mubaye musanadye," anatero a Marlys, n'kutuluka.

Tsiku lomwelo a Vern anakumana ndi Curt Bellamy pahadiweya. Bellamy anali mwini wake wa malo okonzera ndi kusungira maboti, munthu wa mano oyera ndi dzanja lofewa. Kunyumba kwake kunali zigalimoto zitatu zonyezimira, kuphatikizapo ina yonga nyumba, ya khitchini ndi bedi m'kati. Popeza msonkho unkatengera mtengo wa galimoto, kalata yake inkabwera ndi masauzande.

"Mdala Vern, nkhope imeneyi ndi ya munthu amene walandira moni wa boma."

"Usandiyambe, Curt."

"Ndikuyambeni bwanji, nanenso andiluma. Koma mankhwala apezeka." Anasolola mapepala m'jekete. "Kulikulu kuli anyamata amene alemba lamulo latsopano. Galimoto iliyonse, yaikulu kaya yaing'ono, madola makumi atatu basi. Tikapeza masiginecha okwanira, nkhaniyi ilowa papepala lovotera mu Novembala. Anthu akavomera, aphungu alibe pakamwa."

A Vern anakanda m'mutu. Pano tiwachitire chilungamo, funso loyenera analifunsa. "Nanga ndalama ya misewu ichokera kuti?"

"Ndalama ilipo, mdala. Ikuthera m'tauni, m'mabasi oyenda opanda anthu ndi m'maofesi a anthu omwa khofi tsiku lonse. Tikawachepetsera aphunzira kusamala." Kenaka anatsitsa mawu. "Ndikanayenda nawo ndekha mapepalawa, koma anthu aziti Bellamy akufuna kuwonjezera chuma. Inu ndinu munthu wa anthu. Pali mpanda pachilumba pano umene simunaukhome? Mukalankhula inu, anthu amamva."

Funso lija linathera pomwepo. Munthu amene wakhala zaka zambiri akuitanidwa kudzakonza geti yothyoka, tsiku lina n'kuuzidwa kuti mawu ake ndi olemera, amaledzera osamwa kanthu. A Vern anatuluka pahadiweya ali ndi mapepala m'khwapa, misomali imene anabwerera ataiiwala pakauntala.

Nzeru yokasayinitsa anthu padoko inali yawo, ndipo ankainyadira. Anzawo osayinitsa anthu m'madera ena ankaima pakhomo la sitolo, anthu n'kumawazemba ngati ngongole. A Vern anaona kuti pachilumba pali malo amodzi pamene munthu sangathawe, pamzere wa galimoto zodikira sitima. M'chilimwe mzerewo umakwera phiri mpaka kutchalitchi. Injini zimakhala zozima, mawindo ali otsegula, anthu atatopa ndi kudikira, ndipo munthu wotopa ndi kudikira amakhala wokwiyira boma kale. A Vern ankayambira kumunsi n'kumakwera, windo ndi windo.

"Mayi Thorsen, kasitika kanu ka msonkho ka chaka chino munakagula zingati?"

"Musandikumbutse, a Vern, ndingadwale."

"Sayinani apa. Chaka chamawa makumi atatu, zotsalazo mukagulire adzukulu nsapato."

Ankasayina. Ena ankawerenga mzere woyamba wokha, ena osawerenga n'komwe, bola dzina la a Vern. Chopsetsa mtima n'chakuti onsewo ankasayina akuyang'ana sitima ikubwera pamadzi kudzawatenga, ndipo palibe amene anadzifunsa kuti chimachiyendetsa n'chiyani chitsulo chachikulu chotero.

Amene analankhula anali Lonnie Pruitt, wolozera galimoto pokwera sitima, mnzawo wa a Vern kuyambira kusukulu. Tsiku lina anawatsekereza pakati pa galimoto ziwiri, atavala chovala chake chowala cha pantchito.

"Vern, ukudziwa kuti malipiro anga amachokera pa kasitika kameneka?"

"Malipiro ako amachokera m'thumba mwanga, aise. Ndipo ntchito yako n'kukupiza manja basi. Ndikhoza kuphunzitsa galu wanga."

"Seka. Koma matikiti amene anthuwa agula sakwanira ngakhale mafuta. Zotsalazo ndi msonkho umene ukuuthamangitsawo."

"Sitima ilipo kuyambira nthawi ya agogo athu," anatero a Vern mokweza, kuti a m'galimoto amve. "Angaiimitse ndani? Chilumbachi achinyamula apite nacho kuti? Aliyense azilipira zake, boma lisiye kutipisa m'matumba."

Anthu anaseka, wina analiza hutala, ndipo mapepala anadzaza msanga tsiku limenelo. Lonnie anangopukusa mutu n'kubwerera kokakupiza manja.

A Marlys anapirira mpaka mu Ogasiti. Madzulo ena ali pachakudya anaika foloko pansi.

"A Vern, khonsolo yamata chidziwitso m'sitima. Akuti lamulo lanuli likadutsa, adzayamba kuchotsa maulendo onyamula galimoto zochepa."

"Kuopseza kumeneko. Boma likaona kuti anthu atsegula maso limayamba kulira."

"Sitima yoyamba imanyamula galimoto zingati? Timakweramo ndife oyenda pansi. Ine, ophika kusukulu, mnyamata wowotcherera zitsulo uja, anamwino awiri. Akadzatenga mpeni adzayambira pa ife."

"Adzayambira m'tauni. Curt wandifotokozera zonse."

"Curt ali ndi maboti ake. Sitima ikaima iye anyowa pati?" anatero a Marlys. "Ndikupemphani chinthu chimodzi. Votani mmene mufunira, ndi ufulu wanu. Koma chokani pamzere paja. Anzanga a m'sitima ayamba kusamuka ndikakhala nawo pafupi."

"Ndisiye ntchito yaikulu chonchi chifukwa cha miseche ya m'sitima?"

"Jakisoni ali mufiriji umo, mumaganiza kuti amabwera ndi mphepo?"

Mawu amenewa anagwa pachilonda. A Vern anakankha mbale. "Ndiye mwayamba kundiwerengera jakisoni. Chabwino, ndamva. Ndine mwamuna wodyetsedwa."

"Sindinatero."

"Mwatero."

Anatuluka kukanola macheka omwe anali akuthwa kale. Apa ndiye panagona nkhani. A Vern sanali chitsiru, ndipo mumtima ankadziwa kuti akazi awo sanama. Koma pamzere paja anali munthu wamkulu, woitanidwa ndi dzina, wogwiridwa chanza, pamene m'nyumba mwawo anali wodwala wofunsidwa ngati wabaya. Anasankha mzere. Kutacha analawira kuposa masiku onse, n'kusayinitsa ngakhale alendo obwera kudzaona anamgumi, bola akhale a m'chigawo chino.

Masiginecha anakwana, nkhani inalowa papepala lovotera. Mapepala ovotera kuno amabwera papositi, ndipo banja la a Sandvik linali ndi mwambo wake. Lamlungu akaweruka kutchalitchi ankakhala patebulo ndi kabuku kofotokoza nkhani zovotera, n'kumatsutsana mwamtendere, aliyense n'kudetsa timabwalo ta papepala lake posonyeza chimene wasankha. Akamata maenvulopu ankayenda limodzi kukawaponya m'bokosi la kulaibulale. Chaka chimenecho a Vern anakhala patebulo ndi zolembera ziwiri, n'kudikira.

"Lanu lili kuti?"

"Ndinavotera m'sitima Lachinayi," anatero a Marlys ali kukhitchini. "Ndinaponya tsidya lija."

A Vern anadetsa kabwalo kawo mwamphamvu mpaka pepala linatsala pang'ono kubooka. Kulaibulale anapita okha.

Lamulo linadutsa, ndipo pachilumba cha Maddock linadutsa ndi mavoti ochuluka kuposa madera ambiri. Loweruka lotsatira Bellamy anatsegula shedi yake ya maboti, kuwotcha nsomba ndi nyama, mowa uli mbwee. Anakwera pabokosi, n'kukweza dzanja la a Vern m'mwamba.

"Munthu uyu yekha wasayinitsa theka la chilumba. Boma limudziwe."

Anthu anaomba m'manja. A Vern anabwerera kunyumba akuyenda ngati wakhala pampando waufumu, atanyamula nsomba yokulunga m'pepala yoti akazi awo alawe. A Marlys anati sanali ndi njala.

Mu Januwale a Vern anakagula kasitika katsopano pa madola makumi atatu, n'kukamata panambala ya kapikiapu atagwada, akuimba mluzu. Ndalama imene anapulumutsa inagula tayala limodzi, lakutsogolo kumanzere. Atatu enawo anakhala ali mbee. Imene anapulumutsa Bellamy palibe anaifunsa, ndipo iye sanaitchule.

Mu Febuluwale khonsolo inaitanitsa msonkhano muholo ya pasukulu. Mipando inatha, ena anaima m'makoma majekete akudontha mvula. Mayi wina wa kuofesi ya zamaulendo, wooneka kuti wanena mawu omwewo m'maholo ambiri sabata imeneyo, anawerenga mosakweza mawu. Thumba la misewu, mabasi ndi sitima linali litaphwa. Kuyambira mu Epulo sitima yoyamba ya m'mawa ndi yomaliza ya madzulo sizidzayendanso. Tikiti ikwera. Msewu wa kuphiri umene unagumuka sukonzedwa chaka chino. Antchito ena a padoko achotsedwa.

Aliyense muholomo anayamba kulankhula nthawi imodzi. A Vern anaimirira, nkhope ili psuu.

"Ife sitinavotere zimenezi. Tinati muchepetse maofesi a m'tauni, muchepetse mabasi opanda anthu. Mukutilanga dala chifukwa tinakugonjetsani."

Mayi uja anavula magalasi. "Bambo, mabasi a m'tauni achepetsedwa kale, ndipo kuofesi kwathu tatsala theka. Lamulo limene munavotera silinatchule maofesi. Linangoti ndalama isabwere, ndipo sinabwere. Ngati mukudziwa kumene ndingaitenge, ndiuzeni ndilembe."

A Vern anatsegula pakamwa, koma mayi Thorsen anawapambana kuchokera kumbuyo.

"Khalani pansi, a Vern. Si inu munandigogodera pawindo? Mwana wanga amaphika kusukulu ya tsidya lija, azipita bwanji, kusambira?"

Anthu omwewo amene anasayina osawerenga anapeza womuloza chala, ngati kuti dzanja lawo linagwiridwa ndi munthu polemba. Izinso n'zonyansa, koma sizichotsa mlandu wa a Vern. Anayang'ana uku ndi uku kufuna Bellamy kuti awathandize kuyankha. Bellamy kunalibe. Anali atanyamuka ndi galimoto yake yonga nyumba kupita kumwera kotentha, kukadikira kuti dzinja lithe.

Unkhutukumve sufa tsiku limodzi. Sabata yotsatira a Vern analemba chikalata chawochawo chopempha khonsolo kuti ibweze sitima yoyamba, n'kubwerera pamzere. Anagogoda windo loyamba, lachiwiri, lachitatu. Mawindo anakhala otseka, ndipo sichinali chifukwa cha kuzizira kokha. Bambo wina anatsitsa lake pang'ono n'kufunsa ngati chikalatacho chikubwera ndi ndalama yake ya mafuta. A Vern anabwerera kugalimoto ndi masiginecha osadzaza ngakhale theka la tsamba.

A Marlys anakaonana ndi abwana awo. Anapempha kuti aziyamba mochedwerako, koma nkhalamba zimadzuka nthawi yake, ndipo wa usiku sangachoke wa m'mawa asanafike. Anapempha shifiti ya masana, koma imeneyo imaweruka sitima yomaliza itapita, poti yomaliza yeniyeni ija inali itachotsedwanso. Panatsala maola ochepa a pakati pa tsiku, ndipo wogwira maola ochepa sapatsidwa inshuwalansi. Abwanawo sanali munthu woipa. Anawagwira dzanja n'kunena kuti pofika Epulo awadziwitse chimene asankha.

Kumapeto kwa Malichi Bellamy anabwera atapsa ndi dzuwa, akuoneka wathanzi. Pasanathe sabata padoko lake panaima boti latsopano lofoleredwa, la mipando yofewa, ndi chikwangwani chonena kuti kuyambira mu Epulo lizinyamula anthu m'bandakucha kupita ku Port Ellery. Woyendetsa wake anali Lonnie Pruitt, amene anali atachotsedwa ntchito padoko. Bellamy anamulemba pa malipiro ochepa, opanda chipatala.

A Vern ataona chikwangwanicho mtima unakhala m'malo. Anavala shati yoyera n'kupita kuofesi ya Bellamy.

"Mdala Vern, lowani. Khofi?"

"Ayi, zikomo. Curt, ndabwera pa nkhani ya mayi akunyumba. Ukudziwa kuti ankakwera sitima yoyamba."

"Mpando ulipo, ndiwasungira wa pawindo. Madola makumi anayi, kupita ndi kubwera."

"Pa sabata?"

Bellamy anaseka. "Patsiku, mdala."

"Imeneyo ndi pafupifupi theka la zimene amalandira."

"Mafuta, inshuwalansi ya boti, malipiro a Lonnie. Ine si boma, sinditolera msonkho. Komanso ndinene poyera, nyanja ikakwiya boti siliyenda. Asadzandiimbe mlandu akajomba kuntchito."

A Vern kupempha sanakuzolowere. "Curt, ndinakuyendera chilimwe chonse pamzere paja, ntchito zanga zitaima. Sindinakupemphe kanthu. Lero ndikupempha uwachotsereko."

"Munayendera ine? Munayendera tonse, mdala, ndipo tinapambana. Kasitika kanu simunagule makumi atatu?" Anawagwira paphewa, akuwaperekeza kukhomo. "Si inu munkanena kuti aliyense azilipira zake? Mawu amenewo ndinawakonda kwambiri. Ndikakuchotserani inu, mawa m'mawa chilumba chonse chili pakhomo pano."

Panja Lonnie ankapukuta magalasi a boti. Anawayang'ana a Vern, n'kuyang'ananso kumbali. Sananene kuti ndinakuuza, ndipo zikanakhala bwino akananena.

Atafika kunyumba anapeza masutikesi awiri pabedi, a Marlys akupinda mayunifolomu.

"Mukutani?"

"Ione, mnzanga wa kuntchito, ali ndi kachipinda pamwamba pa galaja. Wati ndizilipira pang'ono. Ndizibwera Loweruka ngati sanandiike pashifiti, ndizibwerera Lamlungu."

"Osandifunsa?"

"Inu munandifunsa?"

A Vern anakhala pamphepete pa bedi. Chikwatirane, anthu awiriwa anali asanagonepo nyumba zosiyana, kupatula masiku amene a Marlys anali kuchipatala pobereka mwana wawo, yemwe tsopano anali pabanja kutali.

"Siyani ntchitoyo, Marlys. Tiona chochita."

"Tiona chiyani? Ndisiye mwezi uno, mwezi wamawa ndikuikeni m'manda?" Anapitiriza kupinda, osawayang'ana. "Chikundidetsa nkhawa n'chimodzi. Shuga wanu akatsika muli m'tulo simudzuka nokha. Mumayamba thukuta ndi kubwebweta, ine n'kukudzutsani n'kukumwetsani juwisi. M'mawa simukumbukira n'komwe. Zaka zonsezi ndimagona ndi khutu limodzi. Tsopano sindikudziwa kuti azikumverani ndani."

A Vern sankadziwa kuti zinkachitika kawirikawiri chotero.

Lamlungu loyamba la Epulo anawaperekeza kudoko masana. A Marlys anati akwera wapansi, chifukwa tikiti ya galimoto inali itakwera. A Vern ananyamula masutikesi onse awiri kudutsa m'mbali mwa mzere, ndipo anthu a m'galimoto ankawayang'ana n'kutembenuka. Pachilumba palibe chobisika, aliyense ankadziwa kumene masutikesiwo ankapita ndiponso chifukwa chake.

Pageti ya oyenda pansi a Marlys anaima.

"Juwisi ali pakatebulo ka kumutu kwa bedi. Foni muziigoneka pamtsamiro, ndiziimba ndisanalowe shifiti. Mukapanda kuyankha ndiziimbira mayi Thorsen abwere adzagogode, ndapangana nawo kale."

"Mayi Thorsen sandilankhula."

"Sindinawapemphe kuti akulankhuleni. Ndawapempha kuti azidzaona ngati muli moyo."

A Vern anaika masutikesi pansi. "Marlys, pepani."

"Pepani sapoletsa chilonda, a Vern." Anawakonzera kolala ya jekete, monga ankachitira nthawi zonse. "Sindikukuthawani. Ndikupita kukakugulirani jakisoni."

Ananyamula okha masutikesi n'kutsika pamlatho wa sitima, mapewa atapendekeka ndi kulemera. Sanacheuke. A Vern anaima pageti mpaka galimoto zinayamba kulowa.

Yomaliza pamzere inali yatsopano, yaikulu, yofiira, mapulasitiki asanachotsedwe pamipando. Inaima pafupi nawo, windo n'kutsika lokha.

"Mdala Vern, mwandipulumutsa ulendo, ndimati ndikuimbireni," anatero Bellamy. "Boti ladzaza mwezi wonse, anthu alipiriratu. Ndiye matabwa a padoko langa aja sapirira miyendo yonseyi, akufunika kusintha msanga. Ndinati ntchito imeneyi ndisapatse mlendo pamene mnzanga alipo. Mundichitire mtengo wachibale."

A Vern anafuna kumutukwana, anafuna kumenya chibakera pachitseko chonyezimiracho. Koma tsopano panali nyumba ziwiri zofuna ndalama, ndipo chiyambire msonkhano wa kusukulu uja palibe amene anawaitana kudzakhoma mpanda.

"Ndibwera mawa," anatero.

"Mulawire," anatero Bellamy, n'kulowetsa galimoto yake m'sitima momwe munali a Marlys.

A Vern anatsala okha padoko, sitima ikutalikira. Chilimwe chonse anapsa ndi dzuwa pamzere, anadana ndi anansi, anasamutsa mkazi wawo m'nyumba, ndipo mphotho yawo inali tayala limodzi. M'mawa mwake anali atagwada padoko la Bellamy, akukhoma matabwa oti anthu azipondapo pokalipira. Akuluakulu sananame pamene anati wopusa anaomba ng'oma, wochenjera navina.